Chidulo, Feteleza ndi Nthaka ya ku Mughese

Phunziro la Kemisitiri pa wailesi, la ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MPHUNZITSI: Lero phunziro lathu talitengera kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, ku Mughese m'mapiri a Misuku, m'boma la Chitipa, kufupi ndi mtsinje wa Songwe umene umatilekanitsa ndi Tanzania. Amayi ndi abambo amene muli pafupi ndi wailesi, chonde musachoke. Zimene tikambe lero zili pamafuwa panu, zilinso m'munda mwanu mwa khofi.

Mukafunsa m'kalasi kuti, "Kodi mchere ukasungunuka m'madzi, pH yake imakhala chiyani?" ambiri amayankhira pamodzi kuti 7. Yankho limeneli ndi loona pa mchere wa pandiwo. Koma mu Kemisitiri michere ilipo mazanamazana, ndipo yambiri mwa iyo siikhala pa 7 ayi. Ina imapendekera ku asidi, ina ku alikali. Amene wamvetsa chifukwa chake wamvetsanso chimene chimafewetsa therere mumphika, ndi chimene chimafoola chimanga m'munda umene mwini wake amathira feteleza chaka ndi chaka.

Tikumbutsane kaye mwachidule zimene munaphunzira kale. Asidi ndi chinthu chimene chimapereka ayoni ya haidrojeni, ija timalemba H ndi kachizindikiro kophatikiza pamwamba. Besi ndi chimene chimalandira ayoni imeneyi, ndipo besi yosungunuka m'madzi timaitcha alikali. Kafotokozedwe kameneka kanachokera kwa anthu awiri, Johannes Brønsted wa ku Denmark ndi Thomas Lowry wa ku England, amene anakatulukira aliyense payekha m'chaka cha 1923. Muyeso wa pH ndi wakale pang'ono: anauyambitsa Søren Sørensen mu 1909 mumzinda wa Copenhagen, mu labotale ya Carlsberg imene inakhazikitsidwa ndi kampani yofulula mowa. Pansi pa 7 ndi asidi, pamwamba pa 7 ndi alikali. Chimene ambiri amaiwala ndi ichi: kutsika sitepe imodzi pa muyesowu ndi kuchulukitsa ayoni za haidrojeni kakhumi. Nthaka ya pH 5 ili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa ya pH 6. Ya pH 4 ili ndi wochuluka ka 100. Choncho mlangizi akakuuzani kuti munda wanu watsika kuchoka pa 6 kufika pa 5, musati watsika pang'ono.

Asidi ndi besi zikakumana, pamatuluka mchere ndi madzi. Hydrochloric acid ikakumana ndi sodium hydroxide, pamatuluka sodium chloride, mchere wathu wa pandiwo. Onse awiri amene aupanga ndi amphamvu, ndiye kuti akalowa m'madzi amamasuka kwathunthu kukhala ma ayoni. Palibe woposa mnzake, ndipo madzi a mcherewo amakhala pa 7.

Nanga mmodzi akakhala wamphamvu, wina wofooka? Gwirani mawu awa: mchere uli ngati mwana, umatengera kholo lamphamvu. Asidi wamphamvu ndi besi yofooka amabala mchere wopendekera ku asidi. Besi yamphamvu ndi asidi wofooka amabala mchere wopendekera ku alikali. Tsopano tiyeni tione ana amenewa mmodzimmodzi, tiyambire kukhitchini.

Amayi akafuna kuphika therere kapena chigwada, amatentha zitsononkho za chimanga, makoko ouma a nthochi kapena mapesi a nyemba, n'kutenga phulusalo kuika m'chitini chobooledwa kunsi, n'kuthira madzi pamwamba. Madzi amene amadontha kunsiko ndiwo chidulo. Ku Misuku nthochi n'zambiri, choncho zopangira chidulo sizisowa. Mukachikhudza ndi zala chimaterera ngati sopo, ndipo kutererako ndi chizindikiro cha alikali.

M'chidulo muli mchere wotchedwa potassium carbonate. Mbewu ikamakula imayamwa potaziyamu m'nthaka, ndipo nthochi imayamwa wambiri zedi. Mukatentha makoko, zambiri zimapita ndi utsi, koma potaziyamu amatsalira m'phulusa. Makolo a mchere umenewu ndi potassium hydroxide, besi yamphamvu, ndi carbonic acid, asidi wofooka kwambiri. Ukalowa m'madzi, ayoni ya potaziyamu imangoyandama osachita kanthu. Koma ayoni ya carbonate imalanda haidrojeni ku madzi enieniwo. Madzi akalandidwa H, chotsala ndi OH, ayoni ya hydroxide. Hydroxide ikachuluka, pH imakwera, ndipo chidulo chokhathamira chimafika pa 10 ngakhale kupitirira. Kuchitana kwa ayoni ya mchere ndi madzi kotereku m'mabuku anu kumalembedwa kuti hydrolysis.

Soda wa m'golosale, amene ambiri amagwiritsa ntchito m'malo mwa chidulo, ndi wa banja lomweli. Dzina lake ndi sodium hydrogen carbonate. Iye ali kale ndi haidrojeni imodzi, motero salanda mwaukali. Madzi ake amakhala chapamwamba pang'ono pa 8.

Alikali amaphwanya timinyewa tolimba timene timagwirizanitsa maselo a tsamba, n'chifukwa chake ndiwo zimafewa msanga, nkhuni n'kupulumuka. Amasunganso kubiriwira kwa masamba, pamene asidi amawasandutsa otuwa. Agogo athu anazipeza zimenezi popanda buku, ndipo ine ndimawapatsa ulemu waukulu. Koma choona china chiyenera kunenedwa: alikali yemweyo amawononga vitamini C ndi vitamini B1. Amayi, chidulo chikhale cha ndiwo zimene zimachifunadi, ndipo chikhale chapang'ono. Mpiru, nkhwani wanthete ndi bonongwe zimapsa bwinobwino popanda soda.

Komabe alikali si mdani wa chakudya nthawi zonse. Ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, ndi ku Guatemala, anthu kuyambira kalekale amaphika chimanga m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere. Kuteroko kumamasula niacin, vitamini amene m'chimanga amakhala womangika. Chimanga chinafika kuno kwathu popanda luso limenelo, ndipo kumene anthu amadalira chimanga chokha kumabuka nthenda ya pellagra, yothetheka khungu. Inavuta kwambiri pakati pa anzathu othawa nkhondo a ku Mozambique m'misasa ya kumwera kwa dziko lino m'zaka za 1989 ndi 1990.

(NYIMBO YAIFUPI)

MPHUNZITSI: Mukumvera phunziro la Kemisitiri, ndipo tikukamba za michere ndi pH. Tichoke pamoto tsopano, tikwere kumunda.

Aliyense amene anafikako ku Mughese amadziwa nkhungu ndi mvula ya kumeneko. Nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa zili pamwamba pa zitunda, zobiriwira chaka chonse, ndipo timitsinje timene anthu amamwa ndi kuthirira mbewu timachokera mmenemo. Mvula ndi dalitso, koma ili ndi chimene imachita ku nthaka. Mvula yoyera bwino siikhala pa pH 7. Ikamagwa imasungunula mpweya wa carbon dioxide n'kupanga carbonic acid, ndipo imafika pansi ili pafupifupi pa 5.6. Ikamalowa m'nthaka zaka ndi zaka, imakokolola kashiamu, maginiziyamu ndi potaziyamu kupita nazo pansi kumene mizu siifika. Malo amene zachokamo mumalowa haidrojeni ndi aluminiyamu. N'chifukwa chake nthaka yofiira ya kumapiri a mvula yambiri, kaya ndi ku Misuku, ku Viphya, ku Mulanje kapena ku Thyolo, imapendekera ku asidi mwachibadwa.

Khofi wa Arabica amene alimi a ku Misuku amalima, n'kumagulitsa kudzera m'bungwe la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, amakonda nthaka ya asidi wapang'ono, cha pakati pa 5.5 ndi 6.5. Vuto limayamba pH ikatsika kupitirira 5.5. Pamenepo aluminiyamu, amene anali atagona mwakachetechete m'dothi, amayamba kusungunuka, ndipo kwa mizu ndi poizoni. Nsonga za mizu zimafupika n'kutupa, mbewu imalephera kufuna madzi pansi. Fosiforasi amene mwagula ndi ndalama zanu m'thumba la NPK amagwidwa ndi aluminiyamu ndi chitsulo cha m'nthaka, mbewu osamupeza. Nyemba ndizo zimavutika msanga, chifukwa mabakiteriya okhala m'timaphundu ta mizu yake sagwira bwino ntchito mu asidi wochuluka.

Apa ndi pamene mwana wachiwiri uja akulowera. Tengani feteleza wa sulphate of ammonia, amene alimi amangoti SA. Iyeyu ndi mchere, dzina lake ammonium sulphate. Makolo ake ndi sulphuric acid, asidi wamphamvu yemwe uja wa mu batire ya galimoto, ndi ammonia, besi yofooka. Mwadziwa kale kumene apendekere. M'madzi, ayoni ya ammonium imataya haidrojeni imodzi, ndipo pH imatsika pansi pa 7.

Koma mverani bwino apa, chifukwa asidi wambiri sachokera pa kusungunukako. Amachokera pa ntchito ya mabakiteriya a m'nthaka. Iwowa amatenga ammonium n'kuisandutsa nitrate, ndipo pa ayoni iliyonse ya ammonium amatulutsa ma ayoni awiri a haidrojeni. Yureya nayenso akalowa m'nthaka amasanduka ammonium, n'kudutsa njira yomweyo, ngakhale kuti asidi wake ndi wochepa poyerekeza ndi SA. Feteleza wa CAN ndiye wofatsa pa nkhaniyi, chifukwa opanga anasakanizamo kale laimu.

Sindikunena kuti musiye feteleza. Munda wa pamtsetse umene wakhala ukulimidwa zaka zambiri sungabereke popanda chakudya. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mlimi akaona chimanga chikufooka, amaganiza kuti feteleza wachepa, n'kugulitsa mbuzi kuti akawonjezere thumba lina, pamene chosowa m'mundamo ndi laimu. Mwana wake wa Fomu 4 ali ndi yankho m'kope lake, koma palibe amene anamuuza kuti zimene analembazo zikunena za munda wa bambo ake.

Laimu wa kumunda ndi mwala woperedwa, calcium carbonate, wonga umene umakumbidwa ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka. Taonani dzinalo: carbonate, m'bale wake wa chidulo. Carbonate ikakumana ndi ma ayoni awiri a haidrojeni, pamatuluka madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, asidi n'kutha mphamvu, kashiamu n'kutsalira m'nthaka. Laimu wa mtundu wa dolomite amabwezeranso maginiziyamu. Sasungunuka msanga, motero amathiridwa miyezi ingapo musanabzale, n'kusakanizidwa ndi dothi. Kuchuluka kwake sikongoganizira. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za kayezetsedwe ka nthaka. Malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ku Lilongwe amagwira ntchito imeneyi. Laimu wopyola muyeso amabweretsa vuto lina, chifukwa pH ikakwera kwambiri mbewu imasowa zinki ndi chitsulo.

Makolo a ku Chitipa ankadziwa mphamvu ya phulusa pa nthaka. Polima mawere ankadula nthambi, kuziunjika, kuzitentha, n'kufesa paphulusapo, monganso amachitira anansi athu a kumpoto kwa Zambia. Mawere ankachita bwino chifukwa phulusa linkakweza pH ndi kupereka potaziyamu. Nzeru imeneyo inali yoona pa nthawi imene anthu anali ochepa ndipo tchire linkapatsidwa zaka zambiri zophukiranso. Lero sizingatheke. Nkhalango ya Mughese ikasanduka phulusa la nyengo imodzi, timitsinje tija tidzaphwa, ndipo khofi adzasowa chinyontho chimene chimamupatsa kukoma kwake. Phulusa la pamoto wophikira ndi lokwanira kuthandiza dimba la ndiwo, ndipo limeneli lisamatayidwe kudzala.

Pali chenjezo limodzi lokhudza phulusa limene limabweranso pa mayeso. Musasakanize phulusa kapena laimu ndi SA n'kuzisiya pamtunda. Alikali akakumana ndi mchere wa ammonium, amatulutsa mpweya wa ammonia. Yesani nokha: kasupuni ka SA, kasupuni ka phulusa, madontho angapo a madzi, mutakase. Mumva fungo lolasa m'mphuno. Fungo limenelo ndi naitrojeni wanu akuuluka. Mu labotale, umu ndi mmene timazindikirira ayoni ya ammonium: timathira sodium hydroxide, kutenthetsa pang'ono, ndipo mpweya wotulukawo umasandutsa pepala lofiira la litmus lonyowa kukhala la buluu. Inu amene mumapanga manyowa a Mbeya, osakaniza gaga, ndowe, phulusa ndi feteleza pang'ono, tsopano mwadziwa chifukwa chake alangizi amalimbikira kuti thumba la pulasitiki limangidwe ndithu, ndiponso kuti manyowawo akathiridwa paphando akwiriridwe.

Kumalo osendera khofi nakonso kuli asidi. Zipatso zikasendedwa, njere zimaviikidwa kuti zoterera zija zivunde, ndipo pakuvundako shuga amasanduka ma asidi ofooka, monga lactic acid, yemwe uja amawawasitsa chambiko. Madzi otsukira amatuluka ali ndi asidi komanso zovunda zambiri. Amenewa asalunjike kumtsinje. Ayambe adikha m'maenje, ndipo laimu pang'ono amathandiza kukweza pH yake.

(NYIMBO YAIFUPI)

MPHUNZITSI: Tsopano ntchito ya manja. Ndikudziwa kuti masukulu ambiri a CDSS alibe labotale yokwanira, ndipo pepala la litmus limaoneka mwa apo ndi apo. Zimenezi zisakulepheretseni kuyesa. Litmus weniweniyo amapangidwa kuchokera ku mitundu ina ya ndere zomera pamiyala, ndipo Robert Boyle, polemba za mitundu ya zinthu mu 1664, ankayesa asidi ndi alikali pogwiritsa ntchito madzi a maluwa. Ifenso tili ndi maluwa athu.

Pezani chidede chouma chodzaza dzanja, kapena masamba a kabichi wofiirira ngati alipo. Viikani m'madzi otentha mpaka madziwo afiire, musefe. Chidede pachokha n'chowawasa, choncho chisungunuleni ndi madzi ambiri mpaka chikhale chofiira mopepuka. Chikakhathamira, asidi wake amabisa zimene mukufuna kuona. Ikani m'matambula oonekera mkati, muyeso wofanana. M'tambula yoyamba finyirani ndimu. Yachiwiri thiranimo madzi a mchere wa pandiwo. Yachitatu madzi a SA. Yachinayi madzi a soda. Yachisanu chidulo. Imodzi muisiye yosathira kanthu kuti muzifanizira.

Ya ndimu ifiira mowala. Ya mchere wa pandiwo siisintha. Ya SA ikhalabe kumbali yofiira. Ya soda ithimbirira n'kuyamba kudera. Ya chidulo isanduka yobiriwira, ndipo chidulo chikachuluka ipita kuchikasu. Mwa zinthu zisanu zimene mwathirazo, zinayi ndi michere, koma mitundu yatuluka yosiyana. Lembani zimene maso anu aona, osati zimene mukuganiza kuti aphunzitsi akufuna kumva.

Mukatero, bwererani ku tambula yobiriwira ija. Tengani sirinji yatsopano yopanda singano, muzidonthezamo madzi a ndimu kapena viniga, dontho limodzilimodzi, mukuwerenga ndi kugwedeza. Muona tithovu tikukwera; ameneyo ndi carbon dioxide akuchoka mu carbonate. Pitirizani mpaka kufiira kubwerere, mulembe madontho amene alowa. Chitani chimodzimodzi ndi chidulo cha makoko a nthochi, cha zitsononkho, ndi cha phulusa la nkhuni, mutayeza phulusa ndi madzi mofanana. Chimene chadya madontho ambiri ndicho champhamvu. Bwerezani katatu pa chilichonse, chifukwa kuyesa kamodzi sikupereka umboni. Yankho lake sindikuuzani, ndipo mukalipeza mukafanizire ndi zimene agogo anu aakazi amanena.

Zimene mwachitazo ndiye titration. Pa mayeso a MANEB sirinji imasanduka burette, chidede chimasanduka phenolphthalein, amene amakhala wa pinki mu alikali koma wopanda mtundu mu asidi. Ganizo lake ndi lomwelo. Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Muli ndi 25 cm³ ya sodium hydroxide ya mphamvu ya 0.1 M. Pinki wazimirira mutathira 20 cm³ ya hydrochloric acid. Kodi asidiyo ndi wa mphamvu yanji? Yambani ndi ma mole a alikali: 0.1 kuchulukitsa ndi 25, kugawa ndi 1,000, tipeza 0.0025. Awiriwa amakumana mmodzi kwa mmodzi, choncho asidi nayenso ndi ma mole 0.0025. Gawani ndi 0.020, amene ndi 20 cm³ mu malita. Yankho ndi 0.125 M. Pamene ambiri amagwera ndi pamene asidi ali sulphuric acid, chifukwa mole imodzi ya iyeyo imafuna ma mole awiri a sodium hydroxide. Lembani ikweshoni yolinganizidwa bwino musanagwire nambala iliyonse.

Mawu ochepa a chitetezo, ndipo awa ndi a banja lonse. M'nyumba zambiri tsopano muli mabatire a sola, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi sulphuric acid. Magulu opanga sopo amasunga caustic soda, amene ndi sodium hydroxide yemwe uja. Zonse ziwiri zimawotcha thupi, ndipo alikali m'maso ndi woopsa koposa. Zikakugwerani, tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala. Musayese kuthira asidi pa bala la alikali kapena alikali pa bala la asidi. Mwana akamwa zotere musamusanzitse, pitani naye kuchipatala msanga. Musasunge mankhwala amenewa m'mabotolo a zakumwa. Posungunula, asidi ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi. Ndipo mu labotale sitilawa kanthu.

Ntchito ya kunyumba nayi, lembani. Michere itatu: ammonium chloride, sodium ethanoate, ndi potassium nitrate. Pa uliwonse tchulani asidi ndi besi zimene zinaupanga, munene champhamvu ndi chofooka, kenako munene ngati madzi ake akhale pansi pa 7, pa 7, kapena pamwamba pa 7. Funso lachinayi n'lofuna kuganiza: munthu wodwala chilungulira amapatsidwa mapiritsi a magnesium trisilicate kuchipatala, pamene ena kunyumba amangomwa soda. Asidi wa m'mimba ndi hydrochloric acid. Fotokozani chifukwa chake womwa soda amageya kwambiri. Mayankho tidzawaona sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, pamene tidzayambe kukamba za kapangidwe ka michere yosungunuka ndi yosasungunuka m'madzi.

(NYIMBO YOTSEKERA)